Kofiira Kaja Kabweranso

Lachitatu m'mawa ndinakwera kabaza pa Malomo kupita kuphiri, kumalo ogona alendo kumene amagwira ntchito mkamwini wanga Benjamini, chifukwa anali atalembera mwana wanga Lidia pafoni kuti: "Kofiira kaja kabweranso, sindibwera masiku atatu, tikhala mumdima." Ndinapeza chitseko chotseka, mawindo omata mapepala akuda ofolera nyumba, ndiye ndinakhala pakhonde chofulatira monga achitira mpongozi wodziwa mwambo, n'kugogoda ndi chigongono.

"Odi m'nyumba muno."

"Ndani? Aa, amayi? Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka. Tsegulani, bambo a Kezia."

"Sindingathe, amayi. Kuwala kulowa."

"Ndiye kalimodi."

"Kalimo."

Anayankha ngati ndamufunsa ngati mvula yagwa. Manyazi olo a kuchikhadabo.

"Kakutani?"

"Kangogona pamiyala."

"Pamiyala. Malo onse ano odzaza mabedi a alendo, inu mwakagoneka pamiyala."

"Sindinakagoneke ine, amayi. Kamasankha kokha. Dzana kanafika mpaka pamchenga. Kamayala msanga."

"Kamayalanso. Mwana wanga wakuyalirani zaka zinayi, simunalembepo pafoni."

"Lidia amayala bwino, amayi. Koma sayala msanga ngati aka."

Ndinamanganso chitenje changa, chinali chitayamba kundithina.

"Zinayamba liti zimenezi?"

"Mwezi wa Malichi. Ndinakachotsa, panapita milungu iwiri, kenako ndikudzuka ndangoona kali pomwepo."

"Munakachotsa bwanji?"

"Ndi paipi."

"Munakamenya ndi paipi?"

"Kumenya ayi, kamangobalalika. Umayamba wayamwa kaye pang'ono, kenako..."

"Basi. Lekezani pomwepo. Mukulankhula ndi mpongozi wanu, osati anzanu a kubawo."

"Pepani, amayi. Mwafunsa ndinu."

"Dzina lake ndani?"

"Ndi lachizungu, lalitali. Limanditsamwa pakhosi. Ine ndimangoti kofiira."

"Kwawo n'kuti?"

"Bwana akuti kanachokera ku Dalesalamu. Kanabwera pa lole, kobisala m'katundu."

"Ndimadziwa. A pa lole amenewa ndimawaona pa Malomo. Kamadya chiyani?"

"Zotsala basi. Koma chimene kamakonda kwambiri ndi magetsi. Magetsi akangoyaka tsiku lonse, kamanenepa."

"Onse otero amakonda magetsi. Kwathu kuli koloboyi, n'chifukwa chake mwaiwala njira. Nanga bwana wanuyo akudziwa kuti mwadzitsekera nako m'nyumba yake?"

"Ndi amene anandiuza. Ali ku Joni. Ndinakajambula n'kuwatumizira. Anati, Benjamini, zimitsa zonse, tseka zonse, ukhale pomwepo masiku atatu osachoka."

"Munakajambula."

"Mbali zonse. Anati kwa iwonso kanabwerapo kawiri."

"Akazi awo anati chiyani?"

"Ndi amene anayamba kukaona. Anati n'kokongola."

Anthu olemera ali ndi mitima ina. Ine ndikanakayamikira ndi munsi.

Ndinasunthira pafupi ndi chitseko, ndikadali chofulatira. M'katimo munkamveka madzi, kubwibwibwi osalekeza.

"Kakusamba?"

"Kamakhala m'madzi tsiku lonse, amayi."

"Madzi akutunga ndani?"

"Ine. Ndimathiranso mchere."

"Mukuthira mchere. Tamverani, bambo a Kezia. Mwana wanu ali ndi milungu isanu. Sanatengedwe. Mukufuna atupe miyendo ndi tsempho chifukwa cha zimene mukuchita m'menemo?"

"Kwa mwana sikangafike, amayi. Ndikamaliza ndimasamba m'manja ndi sopo."

"Sopo."

"Mpaka m'zigongono. Ndipo musadandaule kwambiri. Bwana akuti kameneka kamakhalapo kwa aliyense, kungoti kwa munthu wosamala sikaoneka."

"Kwa malemu amuna anga kunalibe."

"Ndiye anali osamala, amayi."

Apo ndinawakumbukira malemuwo. Munthu uja anapita ndi zambiri, ndipo ankachedwa ku okushoni ya fodya. Koma sindinabwerere za akufa.

"Ine ndagulitsa mtedza zaka makumi awiri," ndinatero, "palibe venda amene anandigonjetsapo. Tiyeni timvane. Katuluke lero, dzuwa lisanafike pamutu, ine ndikamuuza Lidia kuti munali ndi malungo."

"Mawa madzulo, amayi. Masiku atatu akwana mawa."

"Lero madzulo."

"Mawa madzulo."

"Mawa m'mamawa, tambala woyamba, ndipo ankhoswe sadzamva."

"Mawa sikisi koloko madzulo."

"Mumadziwa malonda inu? Ine ndikakwera, inu mumatsika. Timakumana pakati."

"Bwana sanatchule za pakati."

"Chabwino. Mawa sikisi koloko. Kakatuluka, katuluka ndithu, osabweranso?"

"Zimenezo sindingalonjeze, amayi, lingakhale bodza. Pang'ono kamatsala. Ukangotayirira, kabweranso. Kofunika n'kukazolowera."

"Azolowere ndani?"

"Tonse. Ngakhale Lidia ndinamuuza kuti tsiku lina adzabwere adzakaone."

"Lidia wamanga kale zovala zanu m'thumba la feteleza."

"Akufuna kuchapa? Mukamuuze asaiwale jekete."

"Akufuna kuziika pamsewu, pamodzi ndi khasu lanu. Ukwati ukutha, bambo inu. Mukumva? Mudzi uja ndi wanga. Munabwera ndi chikwama chimodzi, mubwerera nacho chomwecho."

Kenako anayankhula ndi mawu a munthu amene waponda minga.

"Chifukwa cha masiku atatu okha, amayi? Chaka chatha ndinakhala ku esiteti mwezi wathunthu, sanakwiye."

"Ku esiteti munali ndi fodya."

"Fodya ankavuta kuposa aka. Aka sikalankhula."

"Ndiye sankhani. Mwana wanga, kapena kameneko."

"Ndisankha Lidia, amayi. Mawa sikisi koloko."

Mwambo ndi mwambo, koma nawo uli ndi polekezera. Ndinaimirira, ndinatembenuka, n'kuponda chitseko ndi chidendene. Chinali chogwidwa ndi msomali wopinda. Chinatseguka mpaka kukamenya khoma, dzuwa lonse la kuphiri n'kulowa nane limodzi.

Mkamwini wanga analumpha n'kuyang'ana kukhoma, manja kumbuyo. Ulemu ali nawo, umenewo sindingamunamizire. Ndinasuzumira kuseri kwa chitseko. Ndinasuzumira kunsi kwa tebulo. Munali mphasa imodzi, mbatata zootcha, ndi chibokosi chagalasi chotalika ngati bedi, chodzaza madzi. M'katimo munali miyala, mchenga woyera, ndi tinsomba tinayi ta mawanga ngati chitenje cha pa ukwati.

"Kali kuti?"

Analoza ndi chala chakumbuyo, osatembenuka. "Ndi ako, amayi. Pamiyalapo."

Ndinayandikira. Miyala yonse inali itakutidwa ndi zinthu zoterera, zofiira ngati magazi a nkhuku, zikugwedezeka ndi madzi.

"Ndere?"

"Ndere ndi zobiriwira, amayi. Aka n'kofiira."

"Ndikufunsa kamtsikana."

"Kamtsikana kati?"

Ndinamuyang'ana kunkhongo. Nkhongo yake inali yosalakwa ngati ya mwana wa ng'ombe. Zaka zinayi ndakhala ndikuuza Lidia kuti anakwatiwa ndi munthu wopanda nzeru zobera, lero ndi ine amene ndinaiwala.

"Nsomba zake n'zodya izi?"

"Ayi, amayi. Ndi za kunyanja ya mchere. Ntchito yake n'kuonedwa. Kofiiraka kakachuluka kamazitsamwitsa, zikafa ine ntchito yatha. Mankhwala ake ndi mdima."

"Nanga osangolemba kuti ndere zamera m'madzi a nsomba?"

"Ndere ndi zobiriwira, amayi."

"Ndamva."

"Amayi."

"Chiyani?"

"Dzuwa lagunda galasi."

Linali litagundadi. Miyala inkachita kunyezimira.

"Ndi pang'ono chabe," ndinatero. "Sikanaone."

"Bwana anati ngakhale tochi ya foni, timayambiranso."

"Awiri apita kale. Onjezerani limodzi."

"Atatu, amayi."

"Awiri. Ndipo Lachisanu mukagone kwanu."

"Atatu."

"Awiri ndi theka. Mwana wanga akulira kunyumba, ndiponso ndakwera phiri lonseli ndi bondo lotupa."

"Pepani ndi bondolo, amayi. Atatu."

Ndinayang'ana tinsomba tija. Kamodzi kanandiyang'ananso, kakutsegula pakamwa ngati kali ndi mawu. Ufa wa Lidia, sopo wa matewera a Kezia, malata amene analonjeza, zonse zinali kusambira m'galasi limenelo.

Ndinatuluka n'kukoka chitseko ndekha. Pamene ndinaponda panali patang'aluka, ndiye ndinavula mpango wakumutu n'kutsekapo. M'katimo ndinamva akukhoma msomali uja ndi mwala.

"Zikomo, amayi," anatero. "Kumunsiko kukulowabe."

Ndinavula chitenje chapamwamba n'kuyala kumunsi kwa chitseko. Ndili chogwada choncho, foni inalira m'kamisolo. Anali Lidia, mawu atasasa.

"Amayi, mwafika?"

"Ndafika."

"Mwakapeza?"

"Ndakapeza. Koma tamvera, mwanawe..."

"N'kofiiradi?"

"Ngati phwetekere. Koma tamvera kaye..."

"Mwakaona ndi maso anu? Kali m'chipinda mwawomo?"

"Kali pamiyala. Iwe, undilole ndimalize."

"Ndingofunsa chimodzi, amayi. Mwakathamangitsa?"

Ndinayang'ana chitseko, mpango wanga, ndi chitenje changa chili pansi.

"Ayi," ndinatero. "Ndawaonjezera masiku ena atatu."