Akulu Avomera, Ana Sanayankhe

Pa siteji ya basi mumzinda wa Middlesbrough ku Mangalande, m'mawa wina wozizira, mayi wovala nsapato zatsopano anamva bambo wa yunifolomu ya unamwino akuyankhula Chichewa pa foni. Anadikira kuti amalize.

"Bambo, mwamva? Nyumba ya malamulo ya akuluakulu, ya ma Lord ija, yavomera! Ife othawa kwathu, opempha asayilamu, tizigwira ntchito yankho lathu likachedwa. Ine zaka zonsezi ndangokhala manja lende!"

"Ndamva, mayi. Nanga ulendowu ngwakuti?"

"Kunyumba yosamalira okalamba, kukapempha ntchito. Ma Lord aja ndinawaonera pa wailesi ya kanema, azigogo aimvi pa mipando yofiira, wina akusinza. Koma itakwana nthawi yovota, onse nyamu!"

"Pepanitu, silinakhale lamulo. Nkhaniyi ibwerera kaye ku nyumba ya aphungu, a mipando yobiriwira aja. Iwo akhoza kukana."

"Aa! Akulu aweruza, ana n'kukana?"

"Kuno zimatero. Amaponyerana nkhani ngati mpira, mpaka ena atope."

"Ndiye tapambana! Azigogo aja sangatope, amagoneratu pampando. Basi yanga iyo!"

"Mukupitabe?"

"Ndikupita, bambo. Akandione nkhope lero, kuti lamulolo likadzafika, lidzandipeze ndili kale pakhomo."