Anselmo Quiroga, Msilikali Amene Sanawombe Mfuti

Malemu bambo Anselmo Quiroga anabadwa pa 9 Febuluwale 1951 m'mudzi wa oweta nkhosa kufupi ndi mzinda wa Zamora. Sukulu anaphunzira kwa ansembe mpaka 1965, pamene bambo awo anawaitana kuti akathandize kubusa.

Mu 1971 analowa usilikali. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi a Fulgencio Ortuño, amene akhala kutsogolo kuno mendulo zili ngwee pachifuwa. Awiriwa ankagona chipinda chimodzi, ndudu imodzi ankasuta molandizana.

Mu 1976 anamanga banja ndi mayi Remedios. Mu 1982 bomba la zigawenga linapha a Eladio, mlongo wawo wa mayiwa, akumwa khofi pamalo okwerera basi.

M'mawa wina mu Okutobala 1984, malemu ndi a Ortuño anatumidwa kunyumba ina ya kumapiri kumene kunabisala atsogoleri awiri a zigawengazo. Ponyamuka, bwana wawo anawauza kuti, "Anyamata, mukawapeza musavutitse makhoti." Mtsogoleri mmodzi anadumphira pawindo, a Ortuño anamuwombera. Winayo, amene analamula za bomba lija, malemu anamupeza kukhitchini atakweza manja, buledi ali m'kamwa. Mfuti inali itamuloza kale pamphumi. Malemu anamumanga unyolo n'kutuluka naye wamoyo.

Zotsatira zake ambiri mukuzidziwa. A Ortuño analandira mendulo, anakwezedwa kanayi, anamanga nyumba kunyanja. Malemu anawatumiza kukalondera nyumba yosungiramo matayala. Munthu amene anamugwira uja anaulula kumene kunakwiriridwa mabomba ena, koma ulemu wake unapita kwa omufunsa mafunso. Kunyumba nakonso kunalibe mtendere. Mayi Remedios andilola kunena kuti anatha nthawi yaitali akuwaikira chakudya patebulo osawayang'ana kumaso.

Achibale, sitinamizana pamaliro: malemu anali ndi nsanje, ndipo ife apabanja tinali nayo limodzi. Anzawo akaoneka pa wailesi ya kanema, iwo ankathimitsa n'kunena kuti, "Taonani Fulgencio, kuwombera munthu kumsana basi, wapata khonde loyang'ana nyanja. Ine chala chokhachi chikanagwedera pamfuti, bwenzi mukundiimirira mwaulemu." Koma wina akawayankha kuti akanangowombera, ankamukalipira: "Iwe unaliko? Munthu atakweza manja, buledi ali m'kamwa?"

Anapuma pantchito mu 2006. Mu 2009 mkaidi uja anatuluka m'ndende, n'kuyamba kuitanidwa m'masukulu kukalankhula za mtendere, anthu akumuwombera m'manja. Izi zinawapweteka kuposa mendulo. "Mpweya akuyankhulirawo ndinamusiyira ndine," ankatero, "koma ine palibe sukulu yandiitanapo."

Matenda a m'mapapo anawayamba mu 2021. Mwezi watha a Ortuño anakawazonda kuchipatala. Malemu anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ndipo alendowo atatuluka anauza mwana wawo Pilar kuti, "Wakalamba, koma nsapato zake waziona?" Pilar anawafunsa ngati akanachita zina tsiku la kumapiri lija likanabwerera. Iwo anati, "Zake zonse ndimazifuna, mwanangu. Kupatula m'mawa umene uja. Umene uja ndi wanga."

Anatisiya Lachiwiri pa 14 Januwale 2025.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Remedios, ana atatu, Pilar, Eladio ndi Nieves, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, bambo mfumu, anansi amene aphika, ndi asilikali anzawo amene anyamula bokosi popanda wowatuma. Tikuthokozanso a Ortuño chifukwa cha nkhata ya maluwa. Ndi yaikulu kuposa zonse, ndipo malemu akanaona zimenezo msanga kuposa ife.

Achimwene, kumene mwapitako Woweruza sawerenga mendulo. Mzimu wanu uuse mumtendere.