Mukadzayenda Nokha Mpaka Pageti

— Halo?

— Halo, Lexon. Ndine bambo ako, ngati nambala unaifufuta.

— Aa, bambo! Mwadzuka bwanji?

— Ndadzuka, kaya iwe? Elsie ndi ana?

— Tonse tili bwino. Nanga ku Area 3 akukusamalani?

— Kwambiri. Kunyumba ya okalamba kumene unandisiya kuja ndi kumwamba, mwana wanga. Bwanji ukupuma wefuwefu?

— Ndili pamakina othamangirapo. Adokotala anati ndichepetse mimba.

— Ukuthamangira kuti?

— Pamalo amodzimodzi, bambo.

— Chitukuko chimenecho. Ifenso tili naye wathu, Dinah wa mafizo. M'mawa uliwonse: khalani, imani, khalani, imani, kakhumi, osagwira mpando. Ngati tili m'tchalitchi.

— N'zothandiza zimenezo.

— Kenako ndiime ndi mwendo umodzi nditagwira khoma. Ine, munthu amene ndinagwira ntchito zaka makumi atatu ku Capital Hill! Tikatero ndiyende pamzere, chidendene kugunda chala.

— Musamajombe, bambo. Koma ndikuimbireni madzulo, panopa...

— Mayunitsi ndi anga, usadandaule. Tandikumbutsa, nditagwa m'bafa muja, tsiku limene unakanditula kuja unati chiyani?

— Ndinati... mupezeko bwino.

— Ayi. Unati, "Mukadzayenda nokha mpaka pageti, tidzakutengani." Unanena ukumwetulira. Unkaona ngati mwendowu wapita.

— Bambo, si choncho.

— Miyezi isanu ndi iwiri sindinajombepo. Anzanga akuonera TV, ine khalani, imani. Ndinkalira nawo ululu, Lexon, koma ndinkafuna kwathu. Mu Juni ndinafika pageti. Ndinakuimbira, unali pamsonkhano.

— Tikambirana ndi Elsie. Mwina mwezi wamawa, chipinda chanu chija tikuchikonza kaye.

— Mukuchikonzadi. Bedi langa mwaliimika pakhoma la garaja. Nalonso likuphunzira kuima ndi mwendo umodzi?

— Wakuuzani ndani?

— Ndikuliona ndekha, pampata wa geti.

— Geti liti?

— Sunanene kuti geti lake liti. Ndakwera minibasi, kotsalako ndayenda pansi pamodzi ndi antchito a m'nyumba zanu za ku Area 43 kuno. Mlonda wako akuti sandidziwa.

— Mwatuluka nokha? Bwanji mukanagwa pamsewu?

— Ukanamva madzulo, utatha kuthamanga.

— Halo? Bambo... netiweki ikuvuta, sindikukumvani bwino.

— Netiweki ili bwinobwino. Ndikukuona pawindo la chipinda changa, thawulo lili m'khosi. Makina ako aima pamene panali bedi.

— Bambo, tamverani kaye...

— Kuchoka pakhonde kufika pano ndi mapazi makumi awiri okha. Ine ndabweretsa thumba langa, mbali yanga ndakwanitsa. Uyenda wekha mpaka pageti, kapena ndikuitanire Dinah?

— Lexon? Halo? Ndaima, mwana wanga. Sindinagwire chilichonse. Halo?