Chule Amene Sanagwidwe

Loweruka pa 9 Novembala 2019, pa mpikisano wa achule umene umachitika masana pa bala ina ya m'tauni ya Ingham ku Queensland, chule wa a Clarrie Dunstan anakhala womaliza. Lamulo la pamenepo n'lakuti mwini chule womaliza amupsompsone anthu onse akuona, ndipo a Clarrie anapsompsona. Kunyumba, akazi awo a Rina anawapatulira kapu yawoyawo ya tiyi, nanena kuti zikadzachitikanso Loweruka lotsatira, kapuyo ndi mwini wake adzasamukira ku shedi kosungira thirakitala.

Chule amene anapambana anabwera ndi woyendetsa lole wina kuchokera ku Kununurra, kutali kumadzulo. Chuleyo anali ndi miyendo ngati ya dzombe.

Lolemba m'mawa a Aldo Pavan, achimwene a a Rina, anapeza alamu awowo pakhonde akukankha chule ndi tsache. Chuleyo ankadumpha kamodzi n'kukhala pansi ngati waiwala kanthu.

"Mukusesa chule, alamu?"

"Ndikumuphunzitsa ulendo."

A Clarrie anafotokoza mosakweza mutu. Achulewa anawabweretsa ku Queensland mu 1935 kuti adye tizilombo ta mu nzimbe, zimenezo aliyense akudziwa. Wa ku Kununurra uja wayenda mtunda wonsewo, miyendo ilekerenji kutalika? Wawoyu akayenda khondeli uku ndi uku mpaka Lachisanu, nayenso atalika.

"Amene ananyamuka kuno mu 1935 anafa kalekale," anatero a Aldo.

"Nanga uja anafika bwanji?"

"Pa lole."

"Ndikunena ku Kununurra, inu."

"Anabadwira komweko."

A Aldo anakhala pa chidebe chovundikira, nabwereza zimene anamva pa wailesi ali pa thirakitala, osawonjezera, osachotsa. Ofufuza anayeza miyendo ya achule a kutsogolo kwa ulendo wofalikira kumadzulowo, napeza kuti ndi yaitali kuposa ya akuno. Achule ofulumira ankasiya anzawo m'mbuyo. Kutsogoloko ankapezako ofulumira okhaokha, ndiye ankaswana okhaokha, ndipo mwa ana awo, othamanga kwambiri ankatsogolanso. Palibe chule amene anatalikitsa mwendo wake. Mwendo ankabadwa nawo.

"Chule ndi chule," anatero a Clarrie. "Bambo anga anaona chule, ine ndaona chule. Zosinthasinthazo n'za pa wailesi."

"Bambo anu anayeza?"

"Anali ndi ntchito."

"Ndiye sanayeze."

A Clarrie anamukankhanso chule uja. Chule anatseka diso limodzi.

"Nanga athu akunowa ndi otani?"

"Zidzukulu za amene anatsala."

Apa tsache linaima. Abale onse a a Clarrie anapita kumigodi ya kumadzulo adakali anyamata, ndipo iwo okha ndi amene anatsala ku Ingham. Ananena motsindika kuti kutsala si ulesi, ena amatsala chifukwa chokonda kwawo, ndiponso wina anayenera kusamala munda.

"Ine ndikunena achule," anatero a Aldo. "Alibe munda."

"Chabwino. Ndimukwatitsa kwa wa pa lole uja. Ana adzathamanga."

"Ena mwa iwo, mwina. Mudzasankhe ofulumira, nawonso muwakwatitse, kenako ana awo."

"Pofika Loweruka?"

"Loweruka adzakhala adakali mazira." A Aldo anawerama n'kumuyang'anitsitsa chuleyo. "Komanso uyu ndi mwamuna. Ujanso ndi mwamuna."

Kenako a Aldo anafunsa kuti kodi alamuwo amamusankha bwanji chule wa mpikisano. A Clarrie anati palibe chovuta. Amachotsa lata lakale kuseri kwa thanki ya madzi, achule n'kubalalika, iwo n'kugwira mmodzi.

"Ndi bondo lanulo?"

"Bondo langa latani?"

"Silipindika. Mumagwira uti?"

"Amene ndamugwira."

"Ndiye kuti amene sanathawe."

"Amene sandiopa."

"Alamu, sabata iliyonse mumachita mpikisano kuseri kwa thanki, n'kutenga womaliza kupita naye ku bala."

A Clarrie anayang'ana tsache, anayang'ana kapu yawo ili yokha pazenera. Kenako anati nkhaniyo n'njophweka, akagwira amene sangathe kumugwira.

"Mukamugwira ndiye kuti si iyeyo."

"Ndigwira wachiwiri wake."

"Mudzamudziwa bwanji?"

"Kodi mwabwera kudzandithandiza kapena akutumani achemwali anu?"

"Andituma. Akuti ndione ngati denga la shedi likudontha."

Pamenepo chule uja, atasiyidwa ndi tsache, anadumpha kuchoka pakhonde, nadumphanso kawiri, n'kukakhala m'munsi mwa thanki. A Clarrie anamutsatira akukoka mwendo. Anawerama mpaka pamene bondo linalolera, dzanja n'kuperewera pang'ono. Anayesanso, linapereweranso. Anaweramuka nkhope itawala.

"Mwaona? Wandithawa. Khonde lija lagwira ntchito."

A Aldo anati chuleyo wangokhala, sakuthawa, ndipo iwo angathe kumutola osasuntha phazi. Anatambasula dzanja. A Clarrie anawatchinga ndi tsache.

"Musamukhudze. Mwanena nokha kuti akagwidwa ndiye kuti si iyeyo."

"Nanga ku bala mupita ndi chiyani? Wobwera wopanda chule amapsompsona wa mnzake."

"Inu ndi wailesi yanu mukufuna kundiwonongera chule wabwino yekhayo amene ndakhala naye."

Pofika Lachisanu masana, dzina la a Clarrie linali likadali pa bolodi la opikisana. Chule anali adakali m'munsi mwa thanki, pamalo omwe aja. Denga la shedi, a Aldo anakanena kwa a Rina kuti limadontha mbali imodzi yokha.