Ndege ya Lachiwiri ndi Alamu a Kutsidya

Mwezi ukatha, chipinda chowongolera ndege chimatumiza fomu ku ofesi ya chigawo, yomwe imaonetsetsa kuti ndege zikupatsana mpata wokwanira mumlengalenga mwa mayiko oyandikana. M'mawa umenewo mkulu wa shifiti anaima kumbuyo kwa mayi wa mafomu mtima uli m'mwamba, poti Lachiwiri ndege ina inalowa kuchokera kutsidya kwa malire itakwera kuposa pomwe ankaiyembekezera, ndipo amene ankawongolera kutsidyako anali alamu ake.

"Mayi, lembani kuti mwezi uno palibe chachitika."

"Chilipo, bwana. Ya Lachiwiri ija. Inakwera mopitirira ndi mafiti zikwi ziwiri."

"Aaa, inangodzikweza pang'ono. Kumwamba n'kwakukulu."

Mayiyo anayendetsa chala pafomu. "Bokosi la kukula kwa kumwamba silipo. Ndilembe pa ndemanga?"

"Musalembe!"

"Ndalemba kale theka."

Mkulu anakoka mpando. Masiku ake, anaganiza, ndege zinkadutsa zitatu patsiku, oyendetsa ake ankakupatsa moni pokutchula dzina, ndipo nkhani yotere inkathera pa tiyi.

"Tamverani. Zinagundana?"

"Ayi."

"Alipo wadandaula?"

"Ayi."

"Basitu!"

"Fomu sifunsa za kugundana, bwana. Zikagundana fomu yake ndi ina, yamasamba khumi ndi awiri. Ndikutengereni?"

"Ho! Mayi inu, mwatani kodi?" Anatsitsa mawu. "Munthu anaiwala kutiimbira foni kuti ndege yakwera. Munthuyo anakwatira mlongo wanga. Akamuitana ku chigawo, ine kunyumba kwawo ndikalowera khomo liti?"

"Ali ndi makomo angati?"

Mkulu anagwira mutu.

"Ndikunena kuti pachibale timaphimbirana."

"Pafomu dzina salemba. Amangofuna tsiku, ola, ndi mbali yomwe inalakwitsa."

"Ola limenelo kutsidya kunali munthu mmodzi yekha, wadazi, wodwala shuga. Ana asanu, mayi."

"Za shuga ndilembe pa ndemanga?"

"Siyani ndemangazo!"

Mayiyo anaika cholembera pansi bwinobwino. "Koma bwana, pa mbali yolakwitsa sindinalembe kutsidya."

Nkhope ya mkulu inawala. "Eya! Ndinadziwa kuti mtima muli nawo."

"Ndinamvera tepi yojambula mafoni athu, monga mwa lamulo. Alamu anu anaimba. Ananena kuti ndege yakwera, kawiri. Wina kuno anayankha kuti, 'Ndamva, alamu, ana ali bwanji?' koma pakapepala kathu kolembapo kukwera kwa ndegeyo sanasinthe kanthu."

Mkulu anatsokomola.

"Mawu amafanana," anatero mkulu.

"Anatsokomolanso ngati inu."

"Nanga... kutsidyako alemba zotani?"

"Ndawaimbira kuti mafomu athu agwirizane. Alamu anu akukakamiza mnzanga wa kumeneko kuti alembe kuti palibe."

"Mwaona? Munthu wamakhalidwe ameneyo! Wati chifukwa chiyani?"

Mayiyo anatsegula kabuku kake n'kuwerenga momwe anamvera: "'Ndili ndi alamu anga kutsidyako, akalamba, mutu wayamba kutayikira. Asiyeni apume pantchito mwaulemu.'"

Mkulu anadzuka, mpando n'kugwa chagada.

"Wadazi ameneyo? Akundimvera chisoni ineyo? Bweretsani fomuyo kuno, ndilembe ndekha, dzina langa lomwe!"

"Bokosi la dzina silipo, bwana."

"Lembani pa ndemanga!"