Mpando Umene Unakanirira Apongozi

Chaka chija ntchito zinkatha mu Dublin, Kondwelani anali pa siteji ya basi ku Swords atakumbatira mpando wa galimoto yampikisano. Mayi wina atamumva akudandaula m'Chichewa, anamuyandikira.

"Achimwene, basitu ili ndi mipando yake."

"Ndikukaugulitsa, mayi. Ndinagula iwiri motchipa kwa mzungu wina amene ntchito inamuthera. Ndinkafuna mipando yoti Lolemba ndizipitira kuntchito, Loweruka ndizikathamangitsira galimoto kubwalo la mpikisano. Imagwira m'chiuno, pakona munthu sugwedezeka."

"Ndiye uwu walakwa chiyani?"

"Ndinakatengera apongozi anga ku eyapoti, abwera kudzaona khanda. Kukhala anakhala bwinobwino, koma titafika kunyumba anakanirira momwemo."

"Osangowakoka bwanji?"

"Ine mkamwini, kugwira apongozi m'chiuno? Mkazi wanga nayenso anali asanachire opaleshoni."

"Nanga anatuluka bwanji?"

"Ndinamasula mabawuti, ine ndi neba wanga tinawanyamula ndi mpando womwe mpaka pabalaza. Mpando ndiye ndingaugwire."

"Sanakwiye?"

"Bola akanakwiya. Ayimbira foni kumudzi kuti ku Ulaya apongozi saponda pansi. Akuti Lamulungu tikawalowetse m'tchalitchi chimodzimodzi, ndiye mpandowu uchoke lero."