Bokosi la Bambo Andreya Lisatuluke Pabwalo

Malemu bambo Andreya Mitawa anabadwa pa 9 Junyu 1961 ku Ngauma, m'banja la alimi a fodya. Sukulu anayambira konko nakamalizira ku Cuamba. Mu 1986 anamanga banja ndi mayi Luciya a kuno ku Mandimba.

Kuyambira 1988 anagwira ntchito ya za njanji ku Cuamba, yokopera mapulani pa mapepala opaka mankhwala amene amasintha mtundu akawombedwa ndi dzuwa. Ntchito itatha mu 2004, mankhwalawo sanawasiye. Ankapaka pepala m'chipinda chamdima, n'kuyalapo ulusi, mchenga ndi mitsempha ya masamba a fodya, n'kulionetsa dzuwa kanthawi kochepa, kenaka n'kulitsuka. Chotulukapo sichinali munthu, nyumba kapena mtengo. Inali mizere basi. Pamaliro sitinama: ife abale tinkaseka, tinkati akulu athu ayamba kuyanika mapepala ngati ufa. Tinatseka pakamwa alendo atayamba kutsika chapa, minibasi zathu zija, kudzafunsa nyumba yawo kuti aone mapepalawo.

Mu 2022 matenda a shuga anawalanda maso. Sanagonje. Ankayala ulusi ndi zala, mwana wawo Dalva n'kumawauza zimene dzuwa lalemba. Anatisiya Lachiwiri pa 11 Feverero 2025, kuchipatala ku Cuamba.

Chifukwa cha mvula, malemu anasiya mapepala khumi ndi awiri m'bokosi lachitsulo, oyalidwa kale, ongodikira dzuwa. Dzulo, pofunafuna suti yowaveka, ine mng'ono wawo ndinatulutsa bokosilo pabwalo. Ndinakutumula mapepala asanu, ulusi uja ndikuuyesa zinyalala, n'kuwasiya pamphasa. Mmene Dalva ankafika, onse anali atada, popanda ndi mzere womwe. Mwanayo sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zikundiwawa.

Tsono achibale, tsiku logawa katundu pabwalo monga mwa mwambo, bokosilo lisatuluke. Mapepala atsala asanu ndi awiri okha. Adzawatulutsa Dalva yekha, limodzilimodzi, pakuti ndiye akudziwa nthawi yake.

Malemu asiya mayi Luciya, ana atatu, Dalva, Wiseman ndi Tiyamike, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza ampingo, adzukulu okumba manda, ndi anansi athu a Abudo amene anawaperekeza kuchipatala mvula ili mkati.

Akulu anga, kale ndinkakusekani, dzulo ndakuonongerani. Ndikhululukireni. Zotsalazo tizisunga mumdima mpaka mwana wanu atazimaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.